Denga la a Injiniya

M'tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere denga silifika pokalamba. Mphepo imabwera ndi mchere, mchere n'kubala dzimbiri, dzimbiri n'kuboola malata ngati njenjete pa jekete la ukwati. N'chifukwa chake kumeneko mwamuna wokwera padenga samunenera zoipa. Amati ndi munthu wosamala banja.

Pa msewu wotsetserekera kudoko panali nyumba ya bambo wina amene anthu ankangowatchula kuti a Injiniya. Uinjiniya wawo sukulu sinaudziwe. Moyo wawo wonse anali wodinda mapepala ku ofesi ya padoko, chidindo kudzanja, chala palilime, mpaka anapuma ntchito. Dzinalo analipeza chifukwa cha denga. Loweruka lililonse akangodya masana ankavala ovololo, kutenga hamala, kutsamiritsa makwerero kukhoma, n'kulengeza mokweza kuti msewu wonse umve:

"Mayi, ndakwera! Dengali silingadikire."

Ndipo ankakweradi. Koma denga lomwelo linkadontha ngati sefa. Mvula ikagwa, akazi awo ankayala mabeseni ndi mapoto m'nyumba monse ngati akugulitsa pamsika. Podontha kwambiri panali kuchipinda chogona, pamwamba penipeni pa mtsamiro wa mayiwo, moti ankagona ndi beseni kumutu.

"Ndi mchere uwu, mayi," a Injiniya ankatero, akugwedeza mutu ngati dokotala. "Ukatseka apa, umaboola apo. Kukanakhala kuti sindikwera, bwenzi tikugona pamtetete."

Zoona zake zinali zina. Nyumbayo inali ndi chipinda chowonjezera, ndipo pomwe madenga awiriwo ankakumana, kuseri kwa thanki ya madzi, panali kamalo kosalala kokwanira munthu mmodzi kutambasula miyendo. Pamenepo a Injiniya anali atamangapo ufumu wawo. Panali khushoni la maluwa ofiira, ambulera yaikulu yotchinga dzuwa, kawailesi, kapu, ndi chitini cha phula chosatsegula chimene chinkagwira ntchito ya tebulo. Ankakhala pamenepo n'kumayang'ana sitima zikulowa padoko, mphepo ikuwaomba pachifuwa. Pakapita kanthawi ankatambasula dzanja, osadzuka n'komwe, n'kumenya lata ndi hamala: go! go! go! Kenako n'kubwezera mutu pakhushoni.

Musawaweruze msanga, ngakhale kuti ndi oyenera kuweruzidwa. Pansi pa dengalo panali pakamwa pawiri. Poyamba panali akazi awo, amene sankatha kuona mwamuna atakhala pansi osamupezera chochita. Kenako panali mlamu wawo, mkulu wake wa mayiwo, amene anabwera kudzangocheza pang'ono n'kuiwala njira yobwerera. Awiriwa akayamba kulankhula m'mawa, wina ankapuma pamene mnzake wagwirizira. A Injiniya akakhala pabalaza, ankawatuma. Akakhala pakhonde, ankawafunsa chimene akuganiza. Padenga pokha ndi pomwe dzina lawo linkafika litatopa kale.

Tsiku lina galimoto ya khonsolo inadutsa mumsewumo ndi chimkuzamawu. Inkati nyengo ya namondwe yayandikira, ndiye khonsolo itumiza kandege kouluka kopanda munthu, kamene ophunzira amati dironi, kuti kajambule madenga onse. Banja lililonse lidzaonetsedwa zithunzi za denga lake pomwepo, kuti lidziwe pokonza.

A Injiniya anachita ngati sanamve.

"Mwamva, bambo?" akazi awo anatero, maso ali gwa pa iwo. "Tsopano nafenso tiona ntchito ya manja anu."

"Zachibwana zimenezo. Denga amaliyeza ndi phazi, osati ndi chidole."

"Ee, alamu," mlamu uja analowerera, akusoka batani, "phazi lanu laliyeza mokwanira. Tiyeni chidolecho chiyeseko."

"Nanga ulemu wa anthu? Kanthu kamadzauluka pamwamba pathu, kumatisuzumira! Nanga wina ali kubafa?"

"Bafa lathu lili ndi denga, bambo. Lodontha, koma lilipo."

Anapita kwa wometa tsitsi wa pakona kukafuna anzawo oti akane nawo limodzi. Anayankhula za ufulu, za ulemu wa amayi, za tizilombo touluka timene timabweretsa matenda osadziwika. Amuna amene ankadikira kumetedwa anamvetsera mwaulemu ngati mmene amamvera munthu woledzera m'mawa.

"Koma a Injiniya," wometayo anafunsa, lumo lili m'mwamba, "inu ndi amene muyenera kukondwa. Msewu wonse uno denga lopakidwa mafuta ndi lanu. Mwina adzakupatsani mendulo."

Onse anaseka, a Injiniya nawonso anaseka ndi mano okha.

Panatsala njira imodzi: kutsitsa katunduyo kandege kasanabwere. Koma kukweza zinthu kunali kosavuta, chifukwa ankachita chimodzichimodzi, azimayiwo akapita kumsika. Tsopano mlamu uja anali atadwala bondo, ndipo ankakhala tsiku lonse pampando kuseri kwa nyumba, pafupi penipeni ndi phazi la makwerero, mwendo atausanjika pandowa. Ndipo khushoni lija silinali loti n'kudutsa nalo pamaso pa anthu. Linali la pa sofa ya pabalaza. Litasowa, akazi awo anakangana ndi mayi woyandikana nawo nyumba, kumunena kuti walitola pachingwe, mpaka awiriwo anasiya kupatsana moni. Ambulera nayo inali ya mlamu yemweyo, amene anaiyang'ana m'nyumba monse n'kumaliza ponena kuti m'tauni muno anthu alibe manyazi.

Ndiye a Injiniya anakwera, n'kugwiritsa ntchito nzeru zonse zimene chidindo chinawasiyira. Anakankhira zonse kuseri kwa thanki. Ambulera anaigoneka, khushoni analipanikiza pansi, kawailesi n'kukabisa kuseri kwa chitini cha phula. Atatsika anapita pamsewu n'kuyang'ana m'mwamba: palibe chooneka. Anawoloka msewu, n'kuima pakhonde la golosale, kunyanyamphira: thanki yokha. Anatsetsereka mpaka pakona, n'kukwera pamwala, dzanja pamphumi ngati woyendetsa sitima: mbee! Anazungulira kuseri, kudzera m'kanjira ka zinyalala, n'kusuzumira pampanda: palibe.

Anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Munthu amene anakhala zaka zonsezo akuyang'ana anzake kuchokera pamwamba sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti pamwamba pake palinso pamwamba. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Tsikulo linafika kunja kuli ngwee. Wobwera ndi kandegeko anali mayi wachitsikana wa ku khonsolo, wovala chipewa ndi jekete lowala, wa nkhope ya munthu amene waona madenga ambiri ndipo palibe limene linamusangalatsa. Anatsegula bokosi pakati pa msewu, n'kutulutsa kanthu ka miyendo inayi kokhala ngati nkhanu. Anthu anatuluka m'nyumba zawo. A Injiniya anatuluka atavala ovololo yochapa, hamala ili m'thumba, kuti aoneke ngati mnzake wa ntchito.

"Mwanawe," anatero, "denga ili ndimalidziwa ngati chikhatho changa. Ukhoza kungodumpha, upite kwa ena ovutika."

"Nyumba iliyonse, bambo," mtsikanayo anayankha osawayang'ana.

Kandege kanalira ngati njuchi zolusa, n'kunyamuka. Sikanapite kumbali ngati munthu, sikanaime pakhonde la golosale kapena kukwera pamwala. Kanangokwera tolotolo, n'kukaima pamwamba penipeni pa thanki, kali phee, diso lake lili pansi.

"Eni nyumba, bwerani muone," mtsikana uja anaitana, atanyamula chogwirira chokhala ndi galasi loonetsa zithunzi.

Akazi awo anafika. Mlamu uja bondo linachira pomwepo, anafika asanaitanidwe kachiwiri. Mayi woyandikana nawo uja anasendera kumbuyo kwawo, wometa tsitsi nayenso anabwera, kasitomala atamusiya mutu theka.

"Apa dzimbiri, apa dzimbiri, apa msomali unazuka kalekale," mtsikanayo ankaloza ndi chala, mawu ake opanda mchere. "Ngalande iyi yadzaza masamba. Sindikuona pamene panamatidwapo phula. Ndipo apa pali katundu. Katundu padenga saloledwa nthawi ya namondwe."

Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Maluwa ofiira anadzaza galasi lonse.

Kenako mayi woyandikana uja anatsokomola pang'ono.

"Anzanga," anatero mokoma, "si khushoni lija ndinaba ineli?"

"Ambulera yanga!" mlamu anakuwa. "Alamu! Ine kunyowa popita kutchalitchi, inu mukufunditsa thanki?"

"Ndi zipangizo zimenezo," a Injiniya anayesa. "Pogwada pamafuna chofewa. Munthu wosadziwa ntchito ya denga sangamvetse."

"Nanga kapuyo ndi yoyezera mvula?" wometa anafunsa.

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Akazi awo okha sanaseke. Ankayang'anitsitsa galasilo, milomo ataluma.

"Mwana wanga," anatero, "tabwerera pang'ono. Apo, pambali pa khushonipo. Chowala icho n'chiyani?"

Mtsikanayo anatsitsa kandege pang'ono. Pa lata lonse lofiira ndi dzimbiri panali malo amodzi owala ngati siliva, olowa m'kati ngati mbale, kutalika kwake kuchoka pakhushoni kongokwana mkono wa munthu wogona chagada.

"Apa pamamenyedwa kawirikawiri ndi chitsulo," mtsikanayo anatero. "Lata lachita dzenje, madzi amadikha pomwepo, ndipo pakati pang'ambika. Bowo lalikulu padenga lonse ndi limeneli. Pansi pake pali chipinda chanji?"

Mayiwo anatembenuka n'kuyang'ana amuna awo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kudzaima pa hamala imene inkasuzumira m'thumba.

"Pali mutu wanga," anatero.

A Injiniya anadikira mkuntho wa akazi awo. Anaudikira madzulo amenewo, anaudikira m'mawa mwake. Sunabwere. Akazi awo anawapatsa tiyi monga mwa masiku onse, ndipo anapita kukagogoda kwa mayi woyandikana uja, komwe anakhalitsa, kuseka kukumveka mpaka kumsewu. Pakati pa sabata kunabwera kalipentala. Anasintha lata long'ambika lija, kenako anayamba kukhoma matabwa kukhoma la kuseri.

"Akumanga chiyani ameneyu, mayi?"

"Masitepe, bambo. Makwerero aja achemwali sangawathe ndi bondo lawo."

"Masitepe opita kuti?"

"Kuntchito kwanu."

Loweruka litafika, atangodya masana, a Injiniya mwachizolowezi anayang'ana pamsomali pomwe pankakhala ovololo ndi hamala. Hamala panalibe. Anatuluka kuseri n'kupeza mzere ukukwera masitepe atsopano: akazi awo patsogolo ndi fulasiki ya tiyi, mlamu pambuyo ndi mpando wopinda, mayi woyandikana uja pomalizira atanyamula makapu ndi nsalu yoyala.

"Koma a khonsolo anati katundu saloledwa padenga," a Injiniya anatero ndi mawu aang'ono.

"Ife timatsika naye, alamu," mlamu anayankha ali pamwamba. "Sitibisa. Iii, koma kuno ndiye kuli kamphepo! Taonani sitima iyo! Alamu, munali ndi mtima wotani, kudya zonsezi nokha?"

"Ndikwere nawo?"

"Malo ndi ochepa, bambo," akazi awo anatero. "Inu mwakwera mokwanira. Mbale zili m'beseni, ndipo pabalaza sipanakolopedwe. Phula lija ndakutsitsirani, lili pakhomo. Mawa mukwera nalo, ine ndili pambuyo panu."

A Injiniya analowa m'nyumba. Munali chete, chete amene anakhala akumufunafuna zaka zonse, koma tsopano mawu onse aja ankachokera kumwamba, kudutsa m'malata, okulirapo kuposa kale. Anakhala pa sofa, pamalo opanda khushoni, thabwa likuwabaya. Asanatambasule n'komwe miyendo, denga linalira pamwamba pa mutu wawo: go! go! go!

"Bambo!" mawu a akazi awo anatsika nalo limodzi. "Musadandaule, tikukonza denga! Madzi a tiyi atha kuno, tatibweretserani ena!"