Zala Ziwiri pa Mtsempha

Tisungane anali akukankhira nsapato zake zothamangira pansi pa dengu lothyolera tiyi pamene azakhali ake, a Eunice, analowa osaodira.

"Ukubisa chiyani? Tulutsa."

Anatulutsa. Azakhaliwo anazinyamula pazingwe ngati khoswe wakufa.

"Izi ndiye zandiphera achimwene anga. Ndiye ndikumva kuti Loweruka ukufuna kupita nazo ku Blantyre? Ife tikumeta maliro, iwe uli yakaliyakali ndi kabudula?"

Bambo a Tisungane, a Fabiano, kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, anagwa panjinga Lachiwiri m'mawa. Ankamutsatira pambuyo monga mwa masiku onse, foni m'manja, akukuwa masekondi, iye akuthamanga pamsewu wadothi wodutsa pakati pa tiyi. Atafika pa bulugamu pamene ankathera mamita 800, anatembenuka kuti amve nthawi yake. Njinga inali pansi, gudumu likuzungulirabe.

Zaka zitatu zapitazo anali kamtsikana kothamanga kopanda nsapato, kopambana makope ndi sopo pamipikisano ya sukulu. Kenako anagonjetsa boma lonse la Thyolo, kenako chigawo chakumwera. Loweruka limeneli kunali kusankha achinyamata okaimira dziko, ndipo wophonya akanadikira chaka china.

"Kumetako nkwachabe," a Eunice anatsitsa mawu. "Mtima umenewu ngwakumtundu. Atate athu anagwera pasikelo yoyezera tiyi, dengu lili kumsana. Bambo ako agwera pamsewu. Iwe ukufuna ukagwere pamaso pa anthu?"

Pamaliro aliyense amasanduka dokotala, ndipo zambiri zimene amanena zimapita ndi mphepo. Koma mawu awa sanapite. Kuyambira pamenepo Tisungane ankangomvetsera pachifuwa pake. Popita kumpopi pali kachitunda kosatopetsa ndi mwana yemwe, koma mtima ukangofulumira pang'ono ankatula ndowa. Anali ndi mantha, mantha enieni, a mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene wauzidwa kuti chodzamupha akuyenda nacho m'thupi. Nsapato zija anazisiya pomwe azakhali anaziponya.

Mayi ake, a Salome, sanatuluke m'nyumba masiku onsewa. Anangokhala pamphasa, mpango kumutu, kulandira manja a opepesa. Lachisanu m'mawa, azimayi ali kalikiliki kuseri, anamukodola.

"Tenga nsapato zija. Tiye."

"Amayi, inu simuyenera kutuluka tisanamete."

"Ndati tiye."

Anadutsa kumbuyo kwa nyumba za antchito. Nkhungu inali isanachoke pa tiyi. Atafika pakamlatho pamene ankayambira kuthamanga, mayi ake anati, "Ine ndikukaima pabulugamu. Ndikakweza mpango, uthamange monga umathamangira."

"Amayi, ndikuopa."

"Nanenso ndikuopa. Uthamange."

Mpango utakwera, ananyamuka. Miyendo inadziwa ntchito yake, koma m'makutu munali ng'oma. Anadutsa pamene udzu unali ukadali wogona, pomwe anthu anawanyamulira bambo ake, ndipo anayembekeza kuti maso achita mdima, nthaka imudzukira. Othyola tiyi awiri anaweramuka kumuyang'ana. Kumbuyo kunalibe wokuwa masekondi. Anafika pabulugamu akulira, mpweya ukutuluka ndi mluzu.

Mayi ake sanamukumbatire. Anamugwira dzanja, nalitembenuza, naika zala ziwiri pamtsempha. Milomo yawo inayamba kugwedera.

Tisungane anazizidwa. Bambo ake ankachita chimodzimodzi tsiku lililonse, akangotsika panjinga. Iye ankayesa kuti akumutsamira chifukwa cha befu, mwina ankawaseka kuti akalamba.

"Mukutani, amayi?"

"Khala chete, undisokoneza." Anawerengabe kanthawi. "Mtima ukutsika. Ankati ukamatsika msanga chonchi ndiye kuti uli bwino."

"Ndani?"

"Bambo ako. Ukukumbuka utapambana koyamba, anapita nawe kuchipatala cha mishoni, nakuuza kuti a mpikisano akufuna kalata ya dokotala? Panalibe amene anafuna kalata. Za atate awo ankazidziwa kuposa a Eunice. Dokotala anakupima ndi makina, anati mtima wako ulibe chilema. Koma iwo sanakhutire, anachonderera namwino kuti awaphunzitse kuwerenga kugunda kwa mtima. Tsiku lililonse akamalowa m'nyumba, moni asanapereke, ankayamba kundiuza nambala yako."

Mayi ake anamusiya dzanja.

"Iwo okha ndiye sanalole munthu kuwagwira dzanja."

Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa lezala. Anaweramitsa mutu wa mwana wawo, nadula katsitsi pamphumi, kena kunkhongo, nakamangirira pamfundo pomwepo.

"Wameta. Zotsala ndikayankha ndine mawa. Basi yoyamba ya ku Blantyre usaiphonye."

Tisungane anapukuta nkhope ndi malaya. Patali fakitale inaliza wezulo. Mayi ake atatembenuka kuti azibwerera, Tisungane anawagwira dzanja, nalitembenuza, naika zala ziwiri pamtsempha.

"Imani kaye, amayi," anatero, nayamba kuwerenga.