Dontho Limodzi pa Kagalasi

Kwawo kwa Mzime kunali lamulo limene iye ankaliopa kuposa mayeso a masamu. Chaka chilichonse banja lawo linkasankha wasayansi mmodzi wongoyamba kumene, n'kumuthandiza pa kafukufuku wa matenda a magazi amene anapha achimwene ake ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Thandizolo linkachokera ku fakitale ya sopo ya bambo ake. Koma bambowo sankasaina pepala pokhapokha wofufuzayo afotokoze ntchito yake mpaka mwana wotsiriza m'nyumbamo amvetse. Mwana wotsirizayo anali Mzime.

Chaka chathacho iye ananama. Anangogwedeza mutu kuti anthu asiye kumuyang'ana, ndipo bodzalo linamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Loweruka lina m'mawa, Mzime, bambo ake ndi azakhali ake anakwera masitepe a labotale. M'chipindamo munkanunkha mankhwala okolopera, ndipo firiji yaikulu inkang'ung'udza pakona. Wofufuza wa chaka chimenecho anali mtsikana wochepa thupi, wovala gauni yoyera yomukulira, manja ake atawapinda kawiri. Ali m'galimoto, Mzime anali atamva kuti thandizo likapanda kubwera, firijiyo izimitsidwa, ndipo magazi a ana odwala amene mtsikanayo anasonkhanitsa kwa zaka ziwiri atayidwa.

Wofufuzayo anayamba kulankhula, maso ali papepala. Mawu ake anali ataliatali, ena olowa m'khutu n'kutulukira kwinako osapereka moni.

"Achimwene," azakhali ananong'oneza bambo, "mawu amenewa ngakhale dikishonale ituluka thukuta."

Atamaliza, bambo anatulutsa cholembera n'kutembenuka. "Mzime, mwana wanga, wamvetsa?"

Mzime anayang'ana wofufuzayo. Kugwedeza mutu kunali kosavuta, ndipo firiji ikanapitiriza kung'ung'udza. Koma munga uja unamubaya.

"Sindinamvetse," anatero, mawu akuchita ngati a munthu wina. "Ngakhale chaka chatha sindinamvetse. Ndinanama."

"Eee! Namanyazi walankhula," anatero azakhali. "Anulani zovala, lero kugwa mvula."

Palibe anaseka. Bambo anabweza cholembera m'thumba la malaya pang'onopang'ono. Mzime anafuna pansi patang'ambika.

Wofufuzayo anayang'ana pepala lake, kenako analiika patebulo chafufumimba. "Bambo, ndiloleni ndiyesenso. Ndingapempheko dontho limodzi la magazi a mwanayu?" Bambo atavomera, anafunsa Mzime, "Mng'ono wanga, singano umaiopa?"

"Pang'ono."

"Inenso. Tseka maso."

Anamubaya chala, n'kuika dontholo pa kagalasi, n'kulivindikira ndi kena kopyapyala ngati khoko la anyezi. Anakalowetsa pansi pa maikulosikopu, n'kupotokola kachitsulo ka m'mbali. "Suzumira."

Poyamba Mzime anangoona kuwala ndi nsidze zake. Kenako zinaonekera. Timbale tozungulira, tosawerengeka, topyapyala pakati, tikuyandama mwakachetechete, kugundana n'kupatukana mopanda mkangano. Zonsezi zinali m'chala chake chomwechi, chimene ankalumako zikhadabo m'kalasi. Zaka zonsezi iye ankadziona ngati munthu wopanda kanthu m'kati, chonsecho khamu lonseli linkamuyendera usana ndi usiku osamuuza.

Wofufuzayo anasintha kagalasi. "Awa ndi a mwana wodwala."

Timbale tambiri tinali topindika ngati mwezi watsopano, tansonga, titakolanakolana.

"Awa ndi a mwana yemweyo, koma ndawathira mankhwala amene ndikuyesa. Sanathe, ntchito ikadalipo yambiri."

Topindika tinalipobe, koma pakati pawo panali tozungulira tambiri, tonga take.

Mzime anadzutsa mutu. Sanadikire kufunsidwa. "Ababa, magazi a achimwene ankapindika. Akafika pa kamtsempha kopapatiza ankakolana, ngati mipando pakhomo la kalasi tonse tikamatuluka nayo nthawi imodzi. N'chifukwa chake ankalira kuti mafupa akuwaphwanya. Achemwaliwa akufuna kuti magaziwo asamapindike asanafike pakhomopo."

Azakhali anali atagwira pakamwa, nthabwala zitawathera.

"Dokotala anandifotokozera katatu," bambo anatero potsiriza, mawu ali pansi. "Ine ndinkangoti inde adokotala, inde adokotala, kuopa kuoneka mbuli. Ndinaika mwana wanga m'manda osadziwa chimene chamudya. Lamuloli ndinaliikira zimenezo." Anayang'ana Mzime. "Chaka chatha nanenso sindinamvetse. Ndinkadalira iwe."

Anavula magalasi awo n'kuwapatsa Mzime kuti awagwirire. Munthu wamkulu uja, amene antchito onse a kufakitale ankaimirira akamalowa, anawerama pa maikulosikopu ngati mwana wosuzumira m'chitsime. Anakhalitsa pamenepo. Wofufuzayo anawasinthira tigalasi tonse titatu, iwo n'kupempha kuti abwerezenso kagalasi kachiwiri kaja.

Atawongoka, anapukuta m'maso ndi chikhato, n'kutulutsa cholembera chija. Anasaina ataimirira, pepala la thandizo lija atalitsamiritsa pa chitseko cha firiji.

Potuluka, Mzime anatsalira pakhomo, akusisita kathonje ka pachala. "Achemwali," anafunsa motsitsa, "ndingaonenso anga aja kamodzi kokha?"

"Fulumira," anatero wofufuzayo akumukokera mpando. "Akauma saonekanso bwino."