Kanjira Kotsikira ku Misuku

Sinditha kukhala pansi nthawi yaitali. Ndinakulira ku Chilomoni, miyendo inazolowera msewu. Loweruka limenelo ndinali ku Nambuma, kwawo kwa bwenzi langa Brenda, kudzaonekera kwa amalume ake, a Filipo. Iwo akandivomera, ankhoswe anga abwera mwezi wotsatira. Akakana, zathera pomwepo.

Tinafika mmawa. Pakhomo panali zii. Mayi wina anamunong'oneza Brenda, iye n'kulowa m'nyumba ya mkulu wake, Hilda, osandicheukira. Ine anandipatsa mpando patsinde pa mango. Akuti a Filipo achokapo, ndidikire.

Ndinadikira maola awiri. Kenako ndinadzuka.

Kuseri kwa zigafa za fodya kunali kanjira kotsikira kudambo. Kosalala, kopanda chitunda. Ndinadutsa madimba a mpiru ndi tomato, kamlatho ka mitengo iwiri, bango uku ndi uku. Akakowa akulondola ng'ombe. Fungo la matope akuda. Patsogolo, kankhalango ka misuku. Ndinajambula zonse pafoni.

Ndinapeza amayi asanu atandondozana. Mmodzi anali ndi khasu. Wina wachikulire anafungata kamtolo kokutidwa ndi chitenje. Ndinati ndi mbewu ya mbatata.

"Mwaswera bwanji amayi? Kudimba dzuwa lonseli?"

Palibe anayankha. Ndinati ndi manyazi akumudzi. Ndinawapitirira, n'kutembenuka, n'kuwajambula.

"Bweretsani katunduyo ndikulandireni, mayi. Nanga mkamwini ntchito yake n'chiyani?"

Ndinaseka ndekha. Ndinatambasula manja. Zala zanga zinakhudza chitenjecho.

Mayi wachikulireyo anabwerera m'mbuyo. Wa khasu anaima pakati pathu.

"Achimwene, bwererani."

"Ndikungowongola miyendo, mayi. Kodi njirayi ikupita kuti?"

"Kumene ikupitako amuna safikako. Bwererani."

Ndinapatuka. Anadutsa mmodzimmodzi, maso pansi, n'kulowa m'misuku muja.

Pakamlatho paja ndinakumana ndi bambo wina akutunga madzi othirira. Anati dzina lawo ndi a Januario. Anaona zonse.

"Inu ndinu mlendo wa kwa a Filipo, eti? Wa ku Blantyre uja?"

"Ndine amene."

"Hilda wachira m'bandakucha, koma mwana sanalire. Wabadwa atamwalira kale. Maliro otere sitilengeza, sitilira. Amakaika amayi okhaokha." Anatsitsa ndowa. "Ife tikaona amayi ali duu, khasu lili patsogolo, timalowa m'tchire. Ngakhale ng'ombe timazikusira kwina."

"Anafungata aja ndani?"

"Amenewo ndiye apongozi anu. A Selina, mayi ake a Brenda."

Ndinakhala pansi, pamatope pomwepo. Ndinatsegula foni. Chithunzi chinatuluka bwino kwambiri. Amayi asanu, bango, kuwala kwa dzuwa. Nkhope ya a Selina ikuyang'ana ine. Ndinachifufuta. Ndinakachifufutanso kumene zofufutidwa zimakakhala.

Pobwerera kanjira kaja kanatalika.

Ndinawapeza a Filipo atakhala pampando wanga uja. Munthu wochepa thupi, wa jekete lotuwa, wolankhula motsitsa. Uthenga unali utawapeza kale. Ndinanjuta patali pang'ono.

"Mwayendako, bambo?"

"Ndalakwa, malume."

"Dambo lathu mwaliona. N'lokongola, eti?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Matope mpaka m'zingwe.

"Kodi kwanuko akuluakulu alipo? Okuuzani zinthu?"

"Alipo. Koma izi sindinazimvepo."

"Kusadziwa si mlandu. Chimene chatidabwitsa n'choti munapatsidwa mpando, inu n'kuusiya." Anakanda chibwano. "Nkhani yanu lero sitikamba. Mlongo wanga akuti asakuoneni kaye."

"Mpaka liti, malume?"

"Adzanena yekha. Wataya mdzukulu ndi iyeyo."

Brenda anandiperekeza mpaka kumsewu wafumbi. Maso ali psuu. Ankayenda patsogolo, ine pambuyo.

"Unamukhudza?"

"Chitenje chokha."

"Akuti umaseka."

"Sindinadziwe, Brenda. Ukanandiuza."

"Ndikanakuuza nthawi yanji? Ndinali nditagwira Hilda." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Amayi sanakuonepo chiyambire. Ndakhala miyezi itatu ndikuwauza kuti ndiwe munthu wofatsa."

Tinaima m'mbali mwa msewu.

"Pita, Martin. Ine nditsala."

"Ankhoswe ndiwauze chiyani?"

"Uwauze zimene wachita."

Anakweza dzanja kuimitsa njinga yamoto imene inkachokera kumsika. Isanafike n'komwe, iye anali atatembenuka kale.