Nkhokwe Imodzi ya Achangu

Achangu analowa mu laibulale ya pachipatala akutafuna chingamu, foni ili pakhutu. Dzinali anawapatsa ndi manesi, chifukwa dokotala ameneyu ngakhale tiyi amamwa choimirira. Chaka chatha ndi iwowa analemba lipoti lophatikiza kafukufuku yense wa mankhwala a khunyu kwa ana, chipatala n'kusintha mankhwala potsatira lipotilo.

"Mwandiitanira chiyani, amayi? Odwala akudikira."

Mayi wa mu laibulale anawatembenuzira kompyuta. "Adokotala, mapepala a kafukufuku aja munawasaka m'nkhokwe zingati za pa intaneti?"

"Imodzi. Yaikulu ija."

"N'kudinanso kabokosi koti atuluke a Chingerezi okha?"

"Nanga ine Chifalansa ndikachidziwira kuti?"

"Ine ndasaka m'nkhokwe zinayi. Munasiya mapepala khumi ndi limodzi. Atatu akuti mankhwala munalimbikitsa aja amawononga chiwindi cha ana aang'ono."

Chingamu chinaima m'kamwa. Inu, apa ndiye powawa pake. Mwana wa mng'ono wawo, wa zaka zitatu, amamwa mankhwala omwewo, ndipo anamulembera ndi iwo eni ake. Sabata yatha maso ake anasanduka achikasu, tikunena pano ali gone mu wodi ya ana.

"Safunsa anadya phula, adokotala," anatero mayi aja. "Kusaka ndi ntchito yanga. Koma inu mumandikumbukira mukafuna fotokope basi."

"Tikonza. Ndilembera a magazini yomwe inasindikiza lipotilo lero lomwe."

Analembadi. Yankho linabwera mwachangu, la makina: madandaulo amaunikidwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mayi aja anawaonetsanso malipoti ena makumi anayi omwe anatengera kale mfundo za m'lipoti lija, ena a kumayiko komwe Achangu sanapondeko.

"Amenewa tiwauza bwanji?"

Mayi aja anangopukusa mutu.

Madzulo Achangu anapita ku wodi, akuyenda pang'onopang'ono moti manesi anayang'anana. Mng'ono wawo anali pampando, akupukuta mwana thukuta.

"Achemwali, ndimawauzatu anzangawa kuti ine sindidandaula. Achemwali anga anawerenga mabuku onse a dziko lapansi. Achira, eti?"

Achangu anatenga botolo la mankhwala lomwe linali pakabati, naliika m'thumba la gauni. Mu wodi imeneyo munali mabedi ena asanu ndi anayi. Anayambira pa loyandikira kusaka mabotolo a mankhwala omwewo.