Ndevu za a Lumo

"Bwerezani," anatero mwamuna wa Namwino, atagwira cholankhulira cha wailesi ya ova-ova ndi manja onse awiri ngati chimuthawa. "Sindinamve bwino. Bwerezani."

Anali atamva. Namwino nayenso anamva ali pakhomo pa kanyumba ka mlonda, tsitsi likudontha madzi amchere. Munthu wa kudoko, kutsidya kwa nyanja, anabwereza pang'onopang'ono: waimba foni mlongo wanu, akuti bambo anu atisiya m'mawa uno, pepani kwambiri.

"Tumizani boti."

"Bwana, tasuzumirani panja. Ndi mphepo imeneyi palibe angatulutse boti, ngakhale wamisala. Tidikire nyanja igone."

"Igona liti?"

Wailesi inangoti sooo. Mlonda wa pachilumbapo, nkhalamba yowonda imene inkaphika, kusesa ndi kulondera yokha, analanda cholankhuliracho mwaulemu n'kuchikoleka pa msomali. Mwamunayo anatuluka. Pakhomo anadutsa mkazi wake chammbali, kuti phewa lisamukhudze.

Chilumbacho anachifuna ndi Namwino, tisabisane. Anachiona pa kalendala ya mu wodi ya amuna kumene amagwira ntchito: mchenga woyera mbee, mitengo ya kokonati yowerama, kanyumba kamodzi ka alendo, osaoneka munthu ngakhale mmodzi. Chinamukoka si kukongolako ayi, koma kusowa kwa anthuko. Chikwatirane, iye ndi mwamuna wake anali asanagonepo m'nyumba ali awiri okha. Apongozi ake, amene msewu wonse unkawatcha a Lumo, anali m'chipinda choyandikana nacho kuyambira tsiku loyamba, ndipo khomalo linali loti wina akatembenuka pabedi mbali inayo umamva. Anali munthu wabwino, wanthabwala, wosadandaula. Koma ubwino wa munthu sukulitsa nyumba.

Kutatsala pang'ono kunyamuka, mapazi a apongozi akewo anatupa. Mwamuna wake, dalaivala wa lole wosaopa msewu uliwonse koma wonjenjemera bambo ake akangotsokomola, anati ulendowu uyambe waima. Namwino anagwada, anadina chala pakakolo, anamvetsera pachifuwa, n'kudzuka akuseka.

"Ndi madzi chabe awa. Ndawaonjezera mankhwala. Bambowa adzatiika m'manda tonsefe. Namwino ndani pano, iwe kapena ine?"

A Lumo nawo anathirapo ndemanga ali pampando wawo. "Pitani, pitani, ndatopa nazo nkhope zanuzo. Iwe mwana wanga, ndevuzi udzandimeta pobwera."

Ndevuzo ndizo zinali kumudya mwamunayo tsopano. A Lumo anali wometa, wa lumo lopinda lija lonolera pa lamba wachikopa. Makina ankawanyoza, ankati ndi otchetchera udzu. Ndipo panali ntchito ina imene ankaigwira osalandira kanthu: mwamuna aliyense akamwalira m'dera lawo, ankatseka shopu, kunyamula kachikwama, n'kupita kukamumeta ndevu asanamuike m'bokosi. Ankati munthu asapite akuoneka ngati wothawa kundende. Manja atayamba kunjenjemera anaphunzitsa mwana wawo, amene ntchito yometa anaikana kalekale, kuti aziwameta iwowo. Ndipo nthawi zonse, thovu lili kumaso, ankanena zomwezomwezo: "Tsiku langalo udzandimete ndiwe. Enawa amapala ngati akupala nsomba." Mwanayo ankayankha kuti inde bambo, tsekani pakamwa ndingakuchekeni.

Namwino anamupeza mwamuna wake kugombe akukoka kabwato kophera nsomba ka mlonda. Kabwatoko kanali kakang'ono, koti kungokhalamo anthu awiri kamapendama. Mafunde ankabwera atatalika ngati khoma, n'kudzigwetsa pamchenga ndi mkokomo womveka mpaka m'mimba. Mlonda anali atagwira chingwe mbali inayo, mapazi atawazika mumchenga.

"Siyani, bambo! Mufuna mlongo wanu alire maliro awiri?"

"Ndimadziwa kupalasa."

"Mukudziwa kupalasa, koma nyanjayi simukuidziwa. Simufika ngakhale pamiyala paja. Kabwato si kanthu, ndipanga kena. Inu ndikakupezani kuti?"

Funde lina linafika, linawamenya m'mawondo onse awiri, kabwato n'kugudubuzika chafufumimba. Mwamunayo anakhala pansi pomwepo, m'madzi momwemo, malaya atanyowa mpaka m'khosi. Namwino anapita n'kumugwira paphewa. Mwamunayo sanalichotse dzanjalo, koma sanalimvenso. Zinali ngati wagwira thunthu la mtengo.

Madzulo, posaka malaya ouma m'chikwama, dzanja la mwamunayo linagunda kanthu kolimba. Anakatulutsa: kathumba kachikopa kakuda ndi mafuta a m'manja, mkati mwake muli lumo, burashi ndi lamba wonolera.

"Izi zikutani muno?"

Namwino anakumbukira. M'mawa wonyamukawo, pothamangira basi, anakokolola zonse zinali pa shelefu ya kubafa n'kuzikhuthulira m'chikwama, sopo, misuwachi, chipeso, osayang'ana.

"Ndinasokoneza. Ndinali pa changu."

"Unali pa changu." Anakhala pamphepete pa bedi, kathumbako kali pamiyendo. "Unati ndi madzi chabe."

"Ndi mmene ndinaonera."

"Unaona choncho, kapena unafuna kuona choncho?"

Akanakuwa, akanaswa kapu, zikanakhala bwino. Koma anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu wofunadi kudziwa. Namwino ankadziwa chinthu chimodzi chokha, ndipo chinali kumuotcha pamtima: akanakhala wodwala wa mu wodi, munthu wachilendo wa mapazi otupa chomwecho, sakanaseka. Akanathamanga kukaitana dokotala.

"Ndinkafuna tikhaleko awiri," anatero pomaliza. "Kamodzi kokha. Kodi n'tchimo limenelo?"

"Tili awiritu," mwamunayo anayankha, n'kutuluka ndi kathumba kake.

Kutacha mphepo inali chiombere. Zodabwitsa, kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Dzuwa linawala bwinobwino, mchenga unali mbee ngati pa kalendala paja, tinkhanu tikuthamangathamanga ndi zochita zawo. Namwino anachida chilumbacho monga sanadepo chinthu china chilichonse. Mlonda anabweretsa tiyi ndi zipatso zodula bwino pa mbale, anaika patebulo la pakhonde, ndipo patapita nthawi anabwera kudzazitenga zili momwemo, ntchentche zitayamba kale phwando.

Dzuwa lili pamutu wailesi inaitana. Munthu wa kudoko anati mlongo wanu ali pa foni, ndiigunditsa pa cholankhulira changa, lankhulani mokweza. Mawu a mlamu wake wa Namwino anafika akudukaduka, opyapyala ngati akuchokera m'botolo.

"Achimwene, tikuika mawa m'mawa."

"Dikirani. Chonde, mlongo wanga, dikirani pang'ono. Nyanja igona."

"Tidikire mpaka liti? Kumalo osungira maliro magetsi akuzimazima, atiuza kuti titenge. Kukutentha, achimwene. Anthu adzadza pakhomo, ena achokera kutali, ali ndi ntchito zawo. Ine ndili ndekha kuno. Ndekha! Ndinawanyamula ndekha kupita nawo kuchipatala, anafera m'manja mwanga m'galimoto ya eni ake, inu mukusambira."

Mwamunayo anatseka maso. Namwino anaona mtsempha wa m'khosi mwake ukugunda.

"Ananena kanthu?"

"Analibe mpweya wolankhulira."

"Nanga ndevu? Musawakhudze kumaso. Ndinawalonjeza. Ndibwera, ngakhale pomaliza penipeni, mungonditsekulira bokosi."

Wailesi inalira sooo, kenaka mawu anabwerera, tsopano atafewa.

"Tawameta kale. Tinafunafuna lumo lawo nyumba yonse, osalipeza. Amuna anga abwereka makina kwa anyamata a pamsika."

"Makina."

"Tikanatani, achimwene? Tiwaike ndi ndevu zimenezo?"

"Pansi pa chibwano, chakumanja, pali kanjerewere. Anakazungulira?"

Anayandikitsa cholankhulira kukamwa, n'kubwereza.

"Ndikufunsa, anakazungulira?"

"Sipanatuluke magazi ambiri," anatero, n'kuyamba kulira. Pakati pa kulirako anawonjeza kuti, "Auzeni alamu kuti mankhwala awo aja anali kumwa ndithu, sanadumphitse."

Namwino anatuluka asanamve zotsala. Anayenda m'mphepete mwa madzi mpaka pamene mchenga unathera pamiyala, ndipo poti panalibenso kopita, anabwerera. Chilumba n'choipa pamenepo: munthu ukafuna kuthawa, umangozungulira n'kudzapezeka pakhomo pomwe unachoka. Mapazi a mwamuna wake anawaona pamchenga akulowera mbali ina. Analira mokweza, pakuti panalibe womumva, kulirira apongozi ake amene ankamusungira madzi otentha akamachokera ku ntchito, kulirira mwamuna amene ankamudziwa bwino: sakalipa, satukwana, amangotseka chitseko mwakachetechete. Ankaopa kuti chitseko chimenechi sichidzatsekukanso. Madzi akatayika saoleka.

M'mawa wa tsiku loika maliro, nyanja inagona. Inagona phee, ngati si yomwe ija. Madzi ankangonyambita mchenga, oyera moti timiyala ta pansi tinkaoneka. Wa kudoko anati boti lanyamuka, lifika dzuwa likakwera, ndipo kuchokera kudoko kukafika kwawo unali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Onse atatu ankadziwa kuti nthawi imeneyo bokosi linali litatuluka kale m'nyumba.

Namwino analongedza zikwama n'kuziika pakhonde. Atatembenuka anaona mwamuna wake watulutsa mpando, wauika pamthunzi wa mtengo wa kokonati, wamangirira lamba wachikopa ku nthambi youma. Anali kunola lumo, uku ndi uku, mosafulumira. Poopa kuti angadzivulaze nalo, Namwino anatsika masitepe mothamanga. Koma mwamunayo anaitana mlonda.

"Bambo, tabwerani. Ndevu zanuzo zakula."

Nkhalambayo inadzigwira pachibwano, inayang'ana lumo, inayang'ana maso ofiira a munthu amene sanagone kapena kudya chimvereni uthenga. Munthu wina aliyense akanati zikomo bwana, ndimadzimeta ndekha. Iyo inavula chipewa, inachiika pamchenga, n'kukhala pampando.

Namwino anathamangira kukhitchini. Anatenthetsa madzi, anawayesa ndi chigongono monga amachitira ku wodi, anatenga thaulo loyera, n'kubwera nazo atagwira beseni ndi manja awiri. Anaima pambali pa mwamuna wake. Ankangofuna chinthu chaching'ono, kuti amuyang'ane, kapena aviike burashi m'madzi iye akadagwirizira beseni.

"Ikani pansi, asisitala," anatero, maso ali pa lumo. "Tithokoze."

Umo ndi mmene odikirira odwala amalankhulira naye ku wodi. Anaika beseni pamchenga, madzi ena n'kutayikira pamapazi ake, anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mzati wa khonde. Kutali, pamene madzi amakumana ndi thambo, kadontho kakuda kanali katayamba kuoneka.

Mwamunayo anapaka thovu masaya a mlonda, anapendeketsa mutu wake ndi zala ziwiri. Nkhalambayo inatsinzina, manja itasanjika pachifuwa. Ndiye mwamunayo anaika lumo m'khwapa mwake kanthawi, chitsulo chifunde, anawerama mpaka pakamwa panayandikira khutu la munthuyo, n'kunong'ona.

"Musadzidzimuke, bambo. Ndi ine. Ndikuyamba tsaya lamanzere."

Namwino anazindikira mawuwo. Anawamvapo kamodzi kalekale, kuseri kwa katani ya mu wodi, a Lumo atabwera kudzameta munthu amene anali atazizira kale. Ankamuuza chilichonse asanachichite, kuti angachite mantha.

Lumo linatsika pang'onopang'ono, likusiya kanjira koyera m'thovu. Mwamunayo analipukuta pa thaulo, anaweramanso.

"Mwachita bwino, simunagwedezeke. Tsopano ndikubwera pachibwano."