Mendulo Yachisanu ya Risaldar Wasakha Singh

Galimoto ya Tejwant itaima pakhomo panga ku Jagraon, ndinali ndikupeta tirigu, ndipo sindinadzuke. Mwana wa mlongo wanga ameneyu anali asanapondepo pabwalo langa chibadwire. Anatsika ndi kabokosi kagalasi m'khwapa, n'kundipatsa moni ali chilili ngati akulonjera wogulitsa mkaka. Kwathu kuno mwana amawerama n'kugwira mapazi a wamkulu. Iye ayi.

M'kabokosimo munali mamendulo anayi a bambo anga, Risaldar Wasakha Singh, amene ankatsogolera asilikali okwera pa akavalo m'nthawi ya Angerezi. Pakati panali malo opanda kanthu. Tejwant anafotokoza modzitama kuti anawasakasaka m'masitolo a ku Delhi mpaka kutsidya kwa nyanja, bambo ake atawagulitsa n'kumwera mowa. Anati mendulo iliyonse ili ndi dzina la mwini wake m'mphepete, ndipo anzake otolera zinthuzi amaseka munthu amene ali ndi mamendulo operewera. Yachisanu, ya kulimba mtima, anamva kuti ili ndi ine. Ankafuna onse asanu akhale pakhoma tsiku la ukwati wa mwana wake wamkazi, kuti akuchimuna aone mtundu umene akukwatirako.

"Mtundu uti?" ndinamufunsa. "Si inu nomwe munkati ine ndine mwana wa m'khola la akavalo?"

Anaseka mwamanyazi, nati zakale n'zakale.

Zakale, eti! Mayi anga anali mkazi wachiwiri, mwana wa munthu amene ankapesa akavalo a Risaldar. Misozi ya maliro a bambo isanaume, mlongo wanga Sardul, mwana wa mkazi wamkulu, bambo wa Tejwant, anatiponyera mtolo wathu kunja kwa chipata mvula ili pamutu. Mayi anatuluka ndi mendulo imeneyo yokha, imene bambo anawafumbatitsa akudwala. Pamaliro a mayi sipanabwere ngakhale galu wa kunyumba imeneyo. Ine ndakalamba, koma mkwiyo wanga sunatuluke imvi.

Ndinamuuza kuti abwerenso sabata yotsatira, ndiyambe ndafufuza m'sutukesi.

M'mawa mwake ndinali kale kumsika, kwa Mangat Ram wosula siliva. Atamva zimene ndinkafuna anagwira makutu ake onse awiri, nati mendulo ya ngwazi malo ake ndi pachifuwa, kuiika kuphazi n'kutukwana banja lonse.

"Ndabwerera zomwezo," ndinatero. "Iwe sula, koma dzinalo ulisiye liziwerengeka."

Anadula mphepete yokhala ndi dzina n'kuiwongola, zotsalazo anasungunula n'kupanga kaunyolo kovala pakakolo ndi timabelu. Sindinaphethire n'komwe. Bambo anga ndinkawakonda, koma iwo sanali m'kachitsulo kaja.

Tejwant anabweradi, atavala nduwira yatsopano, kabokosi kake katatsegulidwa kale. Azimayi oyandikana nane anali pamwamba pa nyumba zawo, akunamizira kuyanika tsabola. Anali atakhala akundiseka sabata yonse kuti mkazi wamasiye wayamba kuvala timabelu ngati mkwatibwi.

"Mwaipeza, azakhali?" anafunsa. Kanali koyamba kunditchula choncho.

"Ndaipeza. Koma munthu amapempha kwa azakhali ake ataima ngati mtengo?"

Anayang'ana azimayi aja, n'kuyang'ananso malo opanda kanthu a m'kabokosi. Kenako anawerama pang'onopang'ono, mawondo akulira, mpaka nduwira ija inatsala pang'ono kukhudza fumbi. Manja ake atafika pamapazi anga, ndinakweza pang'ono m'munsi mwa salwar, buluku langa lotayalo.

Anakhala chowerama. Ndinaona milomo yake ikuyenda, akuwerenga dzina la agogo ake pakakolo panga, pamwamba pa ming'alu ya chidendene.

Ndinagwedeza phazi, timabelu tinalira pankhope pake.