Katundu wa Kumudzi wa Che Kassimu

Mphutsi yoyamba inagwera pachifuwa pa Che Kassimu iwo ali chigonere. Anaiyang'ana ikudzipinda pamalaya awo, ndipo poti dzanja lamanja linali litafa kale ndi matenda oumitsa ziwalo, anaikankha ndi lamanzere, osauza munthu. Yachiwiri inagwera m'kapu ya tiyi pamaso pa akazi awo, mayi Rahima. Apo panalibenso chobisa.

Fungo linali litayamba kale. Makoswe anali atasandutsa denga bwalo la mpira, choncho mayi Rahima anagula mankhwala kumsika, nakwera pampando, n'kuwaponya pachibowo cha siling'i. Mankhwalawo anagwira ntchito yake bwino lomwe. Phokoso linatha, koma zofera m'mwambamo zinayamba kuwola, ndipo dzuwa la Okutobala ku Chitungwiza, pafupi ndi Harare, silichitira chifundo chinthu chakufa.

Nyumba zambiri m'dera lawo la Unit L zinalibe siling'i, ukagona chagada umangoyang'anizana ndi denga la asibesitasi. Che Kassimu anakhoma yawo okha ndi zidutswa za matabwa zochokera kufakitale ya mipando kumene anagwirako ntchito mpaka kudwala. Anansi ankati mkuluyu ndi wodzimva. Sikunali kudzimva ayi. Ankafuna pobisa katundu wawo wa kumudzi.

Anachoka ku Ntaja ali mnyamata wopanda ndevu, atalonjeza mayi awo kuti pakapita mvula ziwiri abwera. Mvula zinapita zoposa makumi atatu. Koma wa kuulendo sabwerera kwawo chimanjamanja, ndiye chaka chilichonse pa Disembala ankagula kanthu: bulangeti la mayi, nsalu za achemwali, jekete la mng'ono wawo Ayubu, mipiringidzo ya sopo, mapaketi a shuga. Zonsezo zinkakwera m'siling'i, ndipo palibe wina ankaloledwa kusuzumiramo. Makoswe atayamba kuvuta, mnansi wawo Andreya anadzipereka kukatchera misampha. Che Kassimu, ali pabedi pomwepo, anakana kwamtuwagalu, ati maso a anthu ndi oipa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo makoswe a m'nyumba imeneyi anakhala pamkhate weniweni.

Tsopano mkuluyu anali ndi pempho limodzi lokha, kukafera kwawo. Mwana wawo Mariam, amene ankasoka zovala kufakitale ina ku Harare, anali atafunsa kale za mabasi odzera ku Zambia, poti njira ya ku Tete inali ya nkhondo. Anali atapemphanso tchuthi cha Disembala. Chotsala chinali kutsitsa katundu n'kumanga ulendo.

"Kwera ndiwe, Mariam," anatero Che Kassimu Loweruka m'mawa, mawu akukokeka pakamwa popotoka. "Wakunja ayi. Uchotse zonunkhazo, ndipo undionere katundu wanga."

"Hongu, Baba," anayankha Mariam. Anabadwira konkuno, ndipo Chishona chinkamutsogolera pakamwa Chichewa chisanafike.

Anavala ovolosi yakale ya bambo ake, namanga mpango wonyowa pamphuno ndi pakamwa. M'manja anavala mapepala a pulasitiki, mayi ake nam'manga ndi mphira m'mikono. Anabwereka makwerero kwa Andreya, nakweza ndowa ya madzi osakaniza ndi mankhwala ophera tizilombo, tsache, kafosholo, tochi ndi masaka. Chibowo cha siling'i chinali m'kanjira, moyang'anizana ndi khomo la chipinda cha odwalayo.

Atangolowetsa mutu, kutentha ndi fungo zinam'menya limodzi. Anatsika msanga, nakasanza kuseri kwa nyumba. Kenako anatsuka m'kamwa, namanganso mpango, n'kukweranso.

M'mwambamo munthu sakanatha kuimirira. Ankayenda chokwawa, akusamala kuponda pamitanda yokha, chifukwa matabwa a siling'i anali atafewa ndi mkodzo, ukanangotsamira pang'ono ukanapezeka uli pamiyendo pa bambo ako. Paliponse pamene tochi inawunika panali manyi a makoswe, akuda ngati mpunga wopserera. Sanayambe ndi kusesa. Anayamba wawaza madzi a mankhwala aja ndi tsache kuti fumbi lisauluke, nadikira kuti anyowetse bwino, ndiye n'kumakokolola ndi kafosholo. Makoswe akufa anali m'ngodya, ena otupa, ena ataphulika kale ndipo mphutsi zikuyendayenda. Ankawagwira kumchira. Wina mchira unatsalira m'manja.

"Wafika pa katundu?" anafuula Che Kassimu kuchokera pansi. Mawu awo ankadutsa bwinobwino m'ming'alu.

"Ndatsala pang'ono, Baba."

Katunduyo anali kumapeto, pamwamba penipeni pa bedi lawo: makatoni, masutukesi awiri a makatoni olimba, ndi mitolo yokulungidwa m'masaka. Patali ankaoneka wabwinobwino. Mariam anagwira katoni yoyamba kuti aikoke, ndipo mbali yonse inatsalira m'dzanja lake. M'kati munalibe bulangeti. Munali ubweya wofiira wonyenyeka, wopotedwa kukhala zisa, wonyowa.

Anatsegula yachiwiri, yachitatu. Apa ndi pamene anamvetsa chimene chinachitika. Bambo ake, pofuna kuti wachibale aliyense adzalandire mtolo wake wokwanira, ankalonga zonse pamodzi: bulangeti, pakati pake paketi ya shuga ndi mpiringidzo wa sopo. Mtolo wa mayi, mtolo wa achemwali, mtolo wa Ayubu, uliwonse ndi shuga wake pamtima. Makoswe anaboola nsalu kufuna shuga, anamaliza ndi sopo, kenako anamanga nyumba m'zotsalazo. Mkuluyu anawakonzera chakudya ndi pogona pamodzi, ngati alendo olemekezeka.

Mariam anakhala pamtanda, thukuta likulowa m'maso. Chimene chinayamba kumugwira si chisoni, unali mkwiyo. Anakumbukira miyezi ya Juni ali mwana, iye ndi azichimwene ake atatu akulimbirana kabulangeti kamodzi kong'ambika, mayi awo akupempha kuti atsitseko limodzi lokha. Yankho linali lomwelo chaka ndi chaka: "Amenewo ndi a kumudzi." Mabulangeti anali pamwamba pa mitu yawo, iwo akunjenjemera pansi pake. Azichimwene akewo anakula n'kubalalika, wina ku Bulawayo, ena kumigodi, ndipo za ku Ntaja sankazifunsa n'komwe.

"Mariam! Bulangeti la mayi lilipo? Lofiira, la mizere yakuda m'mphepete."

Mariam anayang'ana ubweya wofiira uja. Agogo akewo mwina anamwalira kalekale, nyumba ino inali isanalandire uthenga wa ku Ntaja kwa zaka zambiri. Koma bambo ake ankawatchula ngati ali pakhonde kudikira.

"Lilipo, Baba."

"Nanga jekete la Ayubu?"

Jeketelo linali litatsala kolala ndi mabatani.

"Liriko."

"Eya. Ndinadziwa ine. Zinthu za kale zinali zolimba, osati za masiku ano." Anaseka pang'ono, kuseka kumene Mariam anali asanakumve chiyambire matenda. "Ayubu adzavina ukamuveka limenelo. Ndi wamfupi ngati iwe. Uzitsitsa bwinobwino, ndizione."

Mkwiyo uja unaphwa, m'malo mwake munalowa mantha. Anali atanama, ndipo bodzalo linalibe kolowera, chifukwa njira yotsitsira zinthu inali imodzi yokha.

Anapitiriza ntchito, poti manja akamagwira mutu umapumako. Anathira mankhwala pamitolo yonse, nayamba kuilonga m'masaka. Panalibe choti n'kuchapa. Chilichonse chinali chodyedwa kapena chonyowa ndi mkodzo mpaka m'kati, ndipo kusunga zoterezi m'nyumba ya wodwala n'kuitana maliro. Anakwawira kuchibowo, naitana mayi ake monong'ona.

"Amayi, tsekani chitseko cha Baba. Muwauze kuti ndi chifukwa cha fumbi."

Mayi Rahima anayang'ana m'mwamba, naona maso a mwana wawo pamwamba pa mpango.

"Zonse?" anangotero.

"Zvese, Amayi. Palibe chatsala."

Mayiwo anagwira pakamwa. Kenako anapita kukakoka chitseko, koma Che Kassimu anakalipa.

"Siyani chitseko, mayi a Mariam! Ndione katundu wanga akutsika. Fumbi landipha liti ine, munthu wa kufakitale?"

Chitseko chinakhala chotsegula. Mariam anamanga masaka kukamwa zolimba, nayamba kuwatsitsa limodzilimodzi, mayi ake akulandira n'kuthamanga nawo panja. Ankati mwina bambo ake aganiza kuti ndi zinyalala chabe, ndipo za katundu aona chonena madzulo. Masaka angapo anadutsa bwino. Koma lina linakodwa pamsomali wa m'mphepete mwa chibowo, ndipo poti linali lakale, linang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Zonse zinakhuthukira pakhomo pa chipinda. Ubweya wofiira unamwazika pasimenti, pamodzi ndi mapepala a shuga onyenyeka ndi tiana ta makoswe topanda ubweya, takufa. Pamwamba pa muluwo panagwera kachidutswa ka m'mphepete mwa bulangeti, mizere yake yakuda ikuonekabe.

Kunja mwana wa anansi ankaitana mnzake m'Chishona. Mariam anatsika makwerero, nagwada pakhomo pafupi ndi muluwo. Anachotsa mpango kumaso.

Che Kassimu anayang'ana pansipo nthawi yaitali. Diso la mbali yakufa linkatuluka misozi masiku onse, moti sikunali kotheka kudziwa ngati akulira.

"Limeneli ndi la mayi," anatero.

"Inde, Baba."

"Unati lilipo."

"Ndinanama, Baba. Ndikhululukireni."

"Nanga zinazo?"

"Zonse zili chonchi. Ndi shuga uja munaika pakati."

Mariam anadziluma lilime atanena kale. Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuvomera mlandu pabwalo.

"Ndinkati aliyense adzamwe tiyi wake," anatero.

Mariam anasendera pafupi ndi bedi, manja a pulasitiki ataika kumbuyo kuti asakhudze kanthu.

"Baba, ulendo usafe. Tchuthi ndapempha kale. Tipita basi. Ndigula bulangeti limodzi ndi shuga panjira. Kwanu n'kwanu, akakulandirani."

"Bulangeti limodzi." Anayesa kuseka koma pakamwa panakana. "Ndinachoka ndi miyendo iwiri, mwanangu. Ndikafike pondinyamula ngati thumba la chimanga, ndi bulangeti limodzi? Ana a Ayubu akandifunsa kuti abambo aakulu, zaka zonsezi mumatani ku Halale, ndikayankha chiyani? Kuti ndimaweta makoswe?"

"Inu Che Kassimu," anatero mayi Rahima ali pakhomo, "anthu amafuna nkhope ya munthu, osati katundu."

"Nkhope yakenso iti? Iyi?" Anadziloza kutsaya lakugwa. "Katenthe, Mariam. Zonse. Usasiye n'kamodzi komwe."

Anakatenthadi kuseri kwa nyumba, m'dzenje la zinyalala, atathira palafini. Ubweya wonyowa suyaka msanga, unkangofuka utsi wakuda wonunkha, ndipo akazi a Andreya anatseka mawindo awo. Mariam ankatembenuza muluwo ndi ndodo. Anali atalakalaka mabulangeti amenewa ubwana wake wonse, ndipo lero anawagwira koyamba. Analira, koma utsi unam'bisa.

Atatha anakweranso m'siling'i, nakolopa mitanda ndi matabwa ndi madzi ena a mankhwala, natseka mipata ya m'mphepete mwa denga ndi waya. Dzuwa linali litapendeka pamene anasamba n'kusintha zovala. Ovolosi ija nayonso anaiponya pamoto. M'nyumba tsopano munkanunkha ngati kuchipatala.

Bambo ake anamuitana. Anali atagona choyang'ana kukhoma, mbale ya phala ili pampando osaikhudza.

"Kuseri kwa mtanda waukulu, mbali ya kukhitchini, kuli chitini cha mabisiketi. Wachiona?"

"Ayi, Baba. Kumeneko kunalibe makatoni."

"Kachitenge."

Anakweranso. Chitinicho chinali chitapanikizidwa pakati pa mtanda ndi khoma, chadzimbiri pamwamba, chivundikiro chomangidwa ndi waya. Anachipukuta ndi mankhwala, nachitsitsa, nachitsegulira pamaso pawo. M'kati munali nsalu yoyera yaitali, yopindidwa bwino, yopanda banga ngakhale limodzi. Mano a khoswe sanafikemo. Mayi Rahima atangoiona anakhala pansi pomwepo, nafunda mpango kumaso. Mariam naye anaizindikira, anali ataonapo nsalu yotere pamaliro a kumzikiti. Inali sanda, nsalu yokulungira mtembo.

"Ndinagula kalekale," anatero Che Kassimu. "Ndinkati ndikapita, abale asadzavutike n'kundigulira. Ndinkati adzandikulunga Ayubu."

Anatambasula dzanja lamanzere, naisisita ndi zala.

"Iyi usaibwezere m'mwamba. Uiike m'kabati, pafupi. Mawa ukaitane a Shehe, andiuze ngati kumanda a ku Unit L kuno kuli malo a Asilamu."

"Baba, nanga tchuthi changa cha Disembala?"

"Usachibweze, mwanangu," anatero, akutembenukiranso kukhoma. "Uchisunge. Udzachifuna."